Buku la ana athu lidikire kaye



Nkhaniyi ambiri mwaimva kale, poti pasukulu pano nkhani siigona m'nyumba imodzi. Ophunzira a m'kalabu ya alembi analembera komiti kalata yopempha ndalama zoti asindikizire buku la ndakatulo ndi nkhani zawo. Akufuna litatuluka teremu ino isanathe, kuti anzawo a Fomu 4 pochoka akhale atalinyamula m'chikwama. Akomiti sanafulumire kuyankha. Anatumiza zolemba zonse kwa ife aphunzitsi a ziyankhulo, omwenso timakonza nyuzi ya sukuluyi, kuti tiziwerenge ndi kupereka maganizo. Taziwerenga, zina kawiri, zina katatu. Yankho lathu tasankha kulinenera pano poyera osati m'chipinda cha aphunzitsi, chifukwa ndalamazo ndi zanu makolo, ndipo zolembazo ndi za ana anu.

Pempho lathu ndi ili: ndalamazo zivomerezedwe ndi kusungidwa padera, zisapite ku ntchito ina, koma bukulo lisasindikizidwe chaka chino. Lidikire chaka chimodzi.

Tikudziwa kuti mawu amenewa apweteka mitima ya ana amene akhala akulemba kumapeto kwa makope awo a masamu kuyambira ali Fomu 1. Ena atiyang'ana kale ndi diso lofiira pa asembule. Sitikuwadzudzula. Mlembi amene sakwiya zolemba zake zikabwezedwa ndiye kuti sanaikepo mtima.

Tiyambe ndi zokoma, chifukwa zilipo. Mtsikana wina wa Fomu 3 walemba nkhani ya mwana amene Loweruka lililonse amapita pasiteji kukadikira basi yochokera ku Johannesburg, n'kumayang'ana aliyense wotsika ndi zikwama zamizeremizere zija, poganiza kuti mwina lero bambo ake atsika nawo. Mwanayo salira, sadandaula, amangowerenga zikwama. Mmodzi wa ife atafika kumapeto kwa nkhaniyo anavula magalasi n'kutuluka panja kaye. Mnyamata wina walemba ndakatulo m'Chiyao ya agogo ake akuyanika usipa pathandala, ndipo fungo la nsombazo likumveka papepala. Palinso kasewero ka mkangano wa pachigayo komwe katiseketsa mpaka misozi. Ana amenewa ali ndi khutu, amamva momwe anthu amayankhulira, ndipo chimenechi mphunzitsi sangachilowetse m'mutu mwa mwana ndi choko.

Koma zabwinozi zamira pakati pa zina zambiri zosapsa. Nkhani zingapo zikuchitikira m'mizinda imene alembi ake sanaipondepo, anthu ake ali ndi mayina a m'mafilimu, kunja kukugwa chipale chofewa. Mwana wokulira kumene mwezi wa Okutobala sungayende pamchenga wopanda nsapato akutiuza za kuzizira kumene anangokuona pakanema. Nkhani zina zayamba bwino, koma mlembi atatopa wadulira njira yachidule ija yoti anadzidzimuka n'kupeza kuti anali maloto. Ndakatulo zambiri zoyamikira mayi zikufanana ngati mandasi a m'chiwaya chimodzi, moti mutasinthanitsa mayina a alembi ake palibe angadziwe, ngakhale amayi akewo. Ndipo tinene mosabisa: ndakatulo ziwiri tinazipeza pa intaneti, mawu omwewo, dzina lokha ndilo lasintha. Eni ake tayankhula nawo mwamseri ndipo nkhaniyo yathera pomwepo. Koma taganizani zikanalowa m'buku lokhala ndi dzina la sukulu ino pachikuto, lolipiridwa ndi ndalama zimene anthu anasonkha pamzikiti. Cholakwika cha pabolodi timachifufuta ndi dasitala. Cha m'mabuku mazanamazana amene amwazikana kale m'makomo mungachifufute bwanji?

Sitikuyankhula ngati anthu osalakwa. Mmodzi wa ife adalawapo zimenezi. Zaka zapitazo, atangoyamba kumene uphunzitsi, adasonkhanitsa ndakatulo zake, natenga ngongole, napita kwa munthu wina wa makina osindikizira m'tauni. Munthuyo adamulandira ndi manja awiri. Sadawerenge ngakhale tsamba limodzi, adangofunsa kuti masamba ndi angati, mabuku angati, chikuto chamitundu kapena ayi. Adamulangizanso kuti asindikize ambiri poti akachuluka mtengo wa buku limodzi umatsika, zomwe ndi zoona ndithu. Patatha masabata awiri mabuku adafika m'makatoni, onunkhira inki, chikuto chonyezimira. Usiku womwewo, akutsegula mosangalala, adapeza kuti mutu wa ndakatulo yoyamba wasowa chilembo, masamba awiri asinthana malo, ndipo ndakatulo imene ankainyadira kwambiri, ataiona m'zilembo za makina, adazindikira yekha kuti ndi yachibwana. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Abale adatenga aulere, anzake kuntchito adatenga pangongole imene mpaka lero sinabwezedwe, otsalawo adakhala kunsi kwa bedi kufikira chiswe chidawapeza. Ngongole ya ndalama adamaliza kubweza kalekale, koma mukamutchulira dzina la bukulo amasintha nkhani.

Wamakina uja sadalakwe, adagwira ntchito imene adalipidwa. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, chifukwa anthu awiri osiyana timawatchula ndi mawu amodzi oti osindikiza. Woyamba ndi mwini makina. Mukamupatsa ndalama amakupatsani mapepala omata pamodzi, kaya mwalembamo nzeru kaya zamkutu. Wachiwiri ndi kampani yofalitsa mabuku, monga Dzuka, CLAIM kapena Kachere ya ku Zomba. Mwa dongosolo lake, kampani yotere ndi imene imaika ndalama zake pabuku, n'chifukwa chake imawerenga mosamala ndi kukana zambiri. Zimene yavomera imazipereka kwa mkonzi kuti azisende pamodzi ndi mlembi kwa miyezi. Kenaka pamabwera wokonza masamba, wojambula chikuto, wowerenga komaliza kusaka zolakwika, ndi woyenda nalo bukulo m'masitolo ndi m'masukulu. Mlembi amasaina pangano n'kumalandira kagawo kochepa pa buku lililonse logulidwa. Munthu akasankha kudzisindikizira yekha, ntchito zonsezi sizichoka ayi, zimangogwera pamutu pake. Ana athu apempha ndalama za gawo lomaliza lokha, la makina, pomwe magawo oyambirira onse sanagwiridwe.

Palinso tinthu tina tooneka ngati tating'ono tomwe timadya nthawi. Buku lenileni limakhala ndi ISBN, manambala 13 aja ali kuseri kwa chikuto, ndipo kuno kwathu amaperekedwa ndi a National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti buku lililonse lotuluka m'dziko muno likasiyidweko limodzi. Pali funso la umwini, limene a COSOMA amaliyang'anira: ndakatulo ikalowa m'buku la sukulu, mwini wake akhalabe mwanayo, ndiye tiyenera kulemba poyera zimene akuloleza sukulu kuchita nayo, makolo ake atavomera. Zimenezi sizitheka m'masabata atatu mayeso ali pakhomo.

Ophunzira athu amamva mayina a Jack Mapanje, Steve Chimombo, Frank Chipasula ndi Anthony Nazombe ngati kuti anthuwa adabadwa mabuku ali m'manja. Mu 1970 ku Chancellor College kudayamba gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Ankakumana sabata iliyonse. Cholemba cha munthu chinkatayipidwa n'kuchulukitsidwa, aliyense n'kulandira pepala lake, kenaka mwini wake n'kukhala pansi kumva anzake akuchisenda mzere ndi mzere. Kabuku koyamba ka gululi, kotchedwa Mau, kadatuluka mu 1971 atasendana kaye motero, ndipo mudalowa ndakatulo 39 zokha. Mapanje, wobadwira ku Mangochi, adali m'gulu la oyambitsa, koma buku lake la iye yekha, Of Chameleons and Gods, lidadzatuluka mu 1981. Werengani zaka za pakatipo, ndi 11. Ndipo anthuwa ankalemba m'nthawi imene mawu amodzi akadatha kumulowetsa munthu m'ndende, monga zidamuchitikira Mapanje yemweyo ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Ife tikupempha chaka chimodzi chokha, popanda wina wotizonda.

Ena atiuza kuti nthawi zidasintha, lero munthu sadikira kampani kuti imuvomere. Ndi zoona, ndipo kudzisindikizira si chinthu chamanyazi. Upile Chisala, wokulira ku Zomba, adatulutsa yekha buku lake loyamba la ndakatulo, soft magic, mu 2015, ndipo pambuyo pake kampani ina ya ku America idalitenga n'kulisindikizanso. Nafenso buku lathuli tidzadzisindikizira tokha, popeza makampani a kuno amadalira kwambiri mabuku a silabasi amene masukulu amagula, ndipo buku la ndakatulo za ana a sekondale silingawakope. Koma ndiye chifukwa chake tikuti tidekhe. Ngati palibe mkonzi wakunja wotikaniza, tiyenera kudzikaniza tokha.

Nanga chakachi tichita nacho chiyani? Kalabu izikumana sabata iliyonse, osati pokhapokha kukakhala mwambo wofuna ndakatulo. Cholemba chiziwerengedwa mokweza ndi munthu wina, mwini wake ali chete, chifukwa pamene mnzako wapunthwa powerenga ndi pamene chiganizo chako chili ndi chitsa. Wolemba asadziteteze, angolemba zimene wamva, akaganizire kunyumba, adzabwere nacho chitasintha. Chimene sichinalembedwe katatu chisafike patebulo la aphunzitsi. Amanyazi, amene timadziwa kuti ali ndi makope odzaza koma sanabweretse kanthu, akumbukire za mbewa ija idafera kuuna. Cholemba chimene chapsa chiziyamba chatuluka m'nyuzi ino, chimodzi ulendo uliwonse, kuti mlembi amve kukoma ndi kuwawa kwa kuwerengedwa ndi anthu amene sali anzake. Zina tizitumiza ku nyuzipepala zimene zimasindikiza ndakatulo ndi nkhani zazifupi kumapeto kwa sabata, komanso ku mipikisano ya bungwe la alembi la MAWU ikalengezedwa. Zambiri sizidzayankhidwa n'komwe. Nakonso ndi kuphunzira, ndipo ndi bwino kukuphunzira uli ndi zaka 16 anzako ali pambali pako.

Tawafunsa ana a m'kalabu kuti buku lomaliza limene anawerenga lopanda mayeso ndi liti. Chete amene anatsatira funsolo anatiuza zambiri kuposa zolemba zonse zija. Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Njala Bwana la Willie Zingani, I Will Try la Legson Kayira, mabuku amene makolo ena pano adawawerenga mpaka kuthothoka chikuto, ana ofuna kutulutsa buku lawo sanawatsegulepo. Ndiye chakachi ndi chowerenganso. Kalembedwe nakonso kakufuna kukonza: mawu amodzimodzi tawapeza atalembedwa mitundu itatu m'nkhani imodzi, chikhalirecho Mtanthauziramawu wa Chinyanja adatuluka mu 2000 ndipo sakuluma munthu.

Pa za chiyankhulo, aliyense alembe m'chimene amalotera. Amene Chingerezi chimamuyendera bwino alembe Chingerezi. Koma wina asaganize kuti Chichewa kapena Chiyao ndi chotsalira. Yohanna Abdallah adalemba mbiri ya Ayao m'Chiyao, Chiikala cha Wayao, ndipo idasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Patha zaka zoposa 100, koma aliyense wofufuza mbiri ya Ayao amadutsabe m'buku limenelo, chifukwa adalemba zimene adamva kwa akuluakulu zisanapite nawo kumanda. Samuel Nthara adalemba Nthondo m'Chinyanja, buku la moyo wa munthu wamba wa kumudzi, napambana nalo mpikisano. Lidatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira lidamasuliridwa m'Chingerezi n'kutchedwa Man of Africa. Anthu akunja adalifuna chifukwa lidali la kwawo kwa mlembi. Ana athu ali ndi agogo amene adapita ku migodi pa Theba, amene adaona njala ya 2002, ali ndi abale amene namondwe wa Freddy adawasamutsa mu 2023. Nkhani zimenezi zili pakhonde, zikudya nawo nsima, koma iwo akufunafuna chipale chofewa. Patchuthi chikubwerachi aliyense wa m'kalabu akakhale pansi ndi wamkulu mmodzi, kope lili m'manja, akafunse ndi kumvetsera.

Chimene chikutivuta kwambiri kuyankha ndi cha a Fomu 4. Iwo ndi amene anayambitsa kalabuyi, ndipo buku likamadzatuluka adzakhala atabalalika. Tilibe mawu ofewetsera zimenezi. Chimene tingalonjeze ndi chakuti malo awo m'bukuli ndi otseguka mofanana ndi a ena onse. Azitumiza zolemba zawo pa WhatsApp, tiziwabwezera ndi ndemanga, ndipo tsiku lokhazikitsa bukulo adzaitanidwa. Pa tsiku lawo lotsanzikana tipempha nthawi yoti awerenge zolemba zawo pamaso pa makolo. Tikudziwa kuti sizofanana ndi kugwira buku m'manja. Koma tikukhulupirira kuti akadzafika zaka 30, adzakonda kuonetsa ana awo masamba awiri amene angawanyadire kusiyana ndi masamba 10 oti aziwabisa.

Tsopano kwa inu makolo. Ena mwatifunsa ngati kulembaku sikusokoneza mayeso, ndiponso ngati kuli ndi ndalama. Pa mayeso, mwana amene waphunzira kubwereza ndime katatu mpaka imveke ndi yemweyo amene amalemba chimangirizo chabwino pa MSCE, ndiye musaope. Pa ndalama, tikuuzani zoona: ndi ochepa kwambiri m'dziko muno amene amadya za mabuku okha. Nthara adali mphunzitsi. Chimombo ankaphunzitsa ku yunivesite. Stanley Onjezani Kenani, amene nkhani zake zidafika mu ndime yomaliza ya mphotho ya Caine mu 2008 ndi mu 2012, ntchito yake ndi yowerengera ndalama. Mwana wanu akakuuzani kuti akufuna kudzakhala mlembi, musamuseke ndipo musamunamize. Muuzeni alimbikire sukulu, adzapeze ntchito, azidzalemba m'mawa kusanache monga achitira ena onse.

Koma pali gawo lanu limene palibe angakugwirireni. Bukuli likadzatuluka, mudzagule. Tili ndi chizolowezi choti wachibale akatulutsa buku timatambasula dzanja kuti atipatse lathu, chikhalirecho mwana wa mnzathu akamagulitsa tomato sitimuuza kuti atipatse waulere poti timadziwana. Ena amagula limodzi n'kukachita fotokope mudzi wonse. Tikadzatero, ndalama za komiti sizidzabwerera, ndipo buku lachiwiri silidzakhalapo. N'chifukwa chake tikuganiza kuti tisanapite kwa wamakina, tidzayambe talemba mayina a mabanja amene alonjeza kugula, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chidzatiuze mabuku oti tisindikize, osati malangizo a mwini makina. Chiswe cha kuno chidadya kale mabuku okwanira.

Pomaliza, kwa akuluakulu a komiti, tili ndi pempho limene ndi bwino tilinene lero ndalama zisanatuluke. Nkhani ya mwana wodikira basi ija ili ndi bambo amene adasiya kutumiza ndalama ndi kuimba foni. Wina adzati ikuchititsa manyazi abambo a m'dera lino. Sewero la pachigayo lili ndi mayi wolongolola amene aliyense adzaganiza kuti akumudziwa. Ife tidzaonetsetsa kuti m'bukuli musalowe miseche, mawu otukwana, kapena munthu weniweni wonyozedwa, kaya ndi dzina lake kaya mophiphiritsa. Pamenepo tigwireni dzanja tikalakwa. Koma tikupempha kuti nkhani isadzachotsedwe chifukwa chongoti ndi yowawa. Ana amenewa akukhala m'nyumba zimene bambo adapita osabwerera, ndipo tikawauza kuti alembe za maluwa ndi kutuluka kwa dzuwa zokha, adzaphunzira kuti kulemba ndi kunamizira. Tikufunanso kuti posankha zolowa m'buku padzakhale munthu mmodzi wakunja, wodziwa zolembalemba, amene sadziwa kuti uyu ndi mwana wa yani, ndipo adzawerenge zolembazo mayina atachotsedwa. Mwana wa mphunzitsi, wa shehe kapena wa wapampando wa komiti adzalowe chifukwa cha zimene walemba. Bukulo mwina lidzakhala lopyapyala kuposa limene ana anabweretsa, ndipo ena amene dzina lawo linali pamndandanda woyamba sadzakhalamo. Tikunena lero kuti pasadzakhale wodabwa.

Zolemba zonse tazibweza kwa eni ake, chilichonse chili ndi ndemanga zathu za inki yofiira, zina tsamba lonse. Mtsikana wa nkhani ya basi uja tamulembera mafunso awiri okha, koma ndi ovuta. Kalabu ikumana Lachitatu tikaweruka, m'kalasi ya Fomu 2. Bwerani ndi kope latsopano, ndipo makolo amene mungafune kudzamvera nawo, mabenchi akumbuyo alipo.